Za Mpira wa M'matope pa Ginnery Corner

Mwezi wa Julayi ukafika, ndipo mphepo ya chiperoni ikayamba kuomba, mtima wanga ubwerera ku kabwalo kena kamatope kamene kanali pafupi ndi Ginnery Corner mu mzinda wa Blantyre, kumene ndinasewerako mpira ndili mwana. Ambiri a inu mukhala kumidzi, ndipo kapena malowa muwadziwa chifukwa chakuti tsiku lina munaperekeza wodwala ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu achitcha Gulupu. Ngati munatsika basi pamenepo ndi kuona masitolo, mipanda ya njerwa ndi magalimoto osawerengeka, mudzavutika kukhulupirira kuti kuseri kwake kunali dambo, ndi kuti ana ankathamangamo kufikira mdima.

Ndifuna kukusimbirani mbiri ya mpira wa miyendo m'dera limeneli: kumene unachokera, umo unalowera m'miyendo ya ana athu, ndi chimene chagwera mabwalo amene anawo ankasewerapo. Nkhaniyi iyambira m'tauni, koma mathero ake akhudza inu a kumudzi. Chifukwa chake mundilezere mtima kufikira nditatsiriza.

Tiyambe ndi malowo. Ginnery Corner ali pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Limbe, umene lero utchedwa ndi dzina la Masauko Chipembere. Dzina lakuti Ginnery ndi la Chingerezi, ndipo litanthauza nyumba ya makina olekanitsa thonje ndi njere zake. Pakuti m'masiku a Atsamunda thonje linali mbewu ya malonda ndithu, makamaka ku chigwa cha Shire. Munthu akaima pamenepo aona phiri la Ndirande chakumpoto ndi phiri la Soche chakumwera. Chipatala chija chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, sukulu ya Polytechnic inayamba mu 1965, ndipo kumtunda pang'ono ndi ku Chichiri, kumene kuli bwalo lalikulu la masewera.

Mzinda wa Blantyre uli pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo uli nazo nyengo ziwiri za matope. Yoyamba ndiyo dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, imene inu nonse muidziwa. Yachiwiri idza m'nyengo yachisanu, pamene madera ambiri a dziko lino ali fumbi lokhalokha. Pamenepo mphepo yochokera kummwera chakummawa itenga chinyezi cha ku nyanja ya mchere, nigunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, ndipo kugwa mvula ya mawawa, yozizira, imene ikhoza kukhala masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Imeneyi ndiyo chiperoni, ndipo dzinali lichokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Siidzaza mitsinje ayi, koma pa dambo ifewetsa dothi la pamwamba, lisanduke loterera ngati therere. Ife ana a m'derali tinakulira m'matope amenewo.

Tsono mpirawo unachokera kuti? Mawu akuti mpira si achilendo ayi. Makolo athu ankatcha mpira utomoni wa chomera china choyanga cha m'nkhalango, ndipo ankauumba ukhale chinthu chobulungira ndi chonjanja, chimene anyamata ankaponyerana ndi manja pabwalo la mudzi. Choncho pamene alendo anafika ndi chikopa chopopa chomenya ndi miyendo, anthu sanavutike kuchifunira dzina.

Masewera omenya ndi miyendowa anakhwimira ku Britain. M'chaka cha 1863 anthu anasonkhana ku London napangana malamulo amodzi, pakuti kale sukulu iliyonse inkasewera mwa njira yake. Mu 1872 dziko la Scotland linasewera ndi England mu mzinda wa Glasgow, ndipo aka kanali koyamba kuti maiko awiri akomane pa mpira. Dziwani kuti kumeneko mpira ndi masewera a nyengo yachisanu. Anthu asewera kuli mvula ndi nkhungu, pena chipale chofewa chili mbuu, ndipo m'masiku amenewo mpira wachikopa unkamwa madzi ndi kulemera, mabwalo nasanduka ngati khola la ng'ombe m'dzinja. Motero mpira ndi matope ndi abwenzi akalekale, ndipo pofika pa mapiri athu a chiperoni mpirawo unapeza nyengo yofanana ndi ya kwawo.

Amishoni a mpingo wa Church of Scotland anakhazikika pa Blantyre m'chaka cha 1876, pa malo amene anasankha Henry Henderson, nawatcha dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Patapita zaka ziwiri kunabwera kampani ya malonda ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa boma la Britain. Azungu amenewa, a mishoni, a malonda ndi a boma, ndiwo anadza ndi mpira. Mu 1896 anadzipangira kalabu yawo ya masewera, Blantyre Sports Club. Koma khomo limene mpira unalowera kwa ife eni dziko linali sukulu. Ana a pa mishoni, monga a pa sukulu ya Henry Henderson Institute imene inatsegulidwa mu 1909, ankaphunzira kuwerenga m'mawa, madzulo nathamangitsa chikopa. Ndipo aphunzitsi otuluka m'sukulu zotere anapita nawo masewerawa kumidzi kumene anatumidwa. Enanso amene anaufalitsa ndiwo asilikali a King's African Rifles, ndi amuna obwerera kuchokera ku ntchito za ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg.

Komatu tisanamizane kuti mpira unasonkhanitsa anthu onse pa chiyambi pomwe. M'masiku a Atsamunda Azungu ankasewera okhaokha pa mabwalo awo a kapinga wotchetcha bwino, Amwenye anali ndi kalabu yawo, ndipo anthu akuda ankasewera paliponse pamene panapezeka malo osalima ndi osamangapo nyumba. Ambiri ankasewera opanda nsapato. Bwalo lawo ankalambula okha ndi makasu, mizati ya zigoli nadula okha kuphiri.

Malo otere anali ochuluka, pakuti Blantyre ndi Limbe inali mizinda iwiri yolekana, pakati pake pali tchire, minda ndi madambo. Njanji inafika mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Anthu anayamba kudza kuchokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi kutali komwe kudzafuna ntchito, namanga ku Ndirande ndi m'mphepete mwina mwa tauni. Mizinda iwiriyo inaphatikizidwa mu 1956. Pakati pake, pa Chichiri, panamangidwa bwalo lalikulu cha m'ma 1955, limene linatchedwa Rangeley Stadium, kukumbukira William Rangeley, mkulu wa boma amene anayang'anira chigawo cha Kumwera.

Bwalo limenelo laona zambiri. Usiku wolowera pa 6 Julayi 1964, m'kati mwa chisanu, khamu la anthu linaima pamenepo kuona mbendera ya Britain ikutsika ndi ya Malawi ikukwera. Pambuyo pake linakuzidwa ndi kutchedwa Kamuzu Stadium. Ulamuliro utasintha mu 1994 linatchedwa Chichiri Stadium, ndipo mu 2004 dzina la Kamuzu linabwereranso. M'zaka zomwezo za ufulu munabadwa matimu awiri amene agawa mzinda wa Blantyre pakati kufikira lero: Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inayamba mu 1967, oiyambitsa ake atapatuka ku Wanderers komweko. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko lino, Football Association of Malawi, linakhazikitsidwa mu 1966.

Apa ndipo ilowa nkhani ya ine mwini. M'zaka za m'ma 1970 tinkakhala ku Chitawira, ndipo atate anga ankagwira ntchito pa fakitale ina ya ku msewu wa Makata. M'mawa uliwonse ankadzera pa Ginnery Corner wapansi, atanyamula kambale ka chakudya. Pakati pa kwathu ndi msewu waukulu panali kadambo kotsetsereka, kumunsi kwake kukuyenda kamtsinje. Mwini wake sitinamdziwe, ndipo panalibe wotifunsa. Pamenepo ndiye panali bwalo lathu.

Malamulo anena kuti chigoli chikhale mayadi 8 m'lifupi ndi mapazi 8 m'mwamba, kuti mbali iliyonse ikhale ndi anthu 11, ndi kuti masewera akhale mphindi 90. Ife zimenezo tinkangozimva. Zigoli zathu zinali miyala iwiri uku, iwiri uko, ndipo mpata wake tinkayesa ndi mapazi a mnyamata mmodzi, kuti wina asanyenge mnzake. Msinkhu wa chigoli unali pamene goloboyi akhoza kufika atatambasula manja, ndipo pa ichi pankabuka milandu tsiku ndi tsiku. Osewera ankakhala onse amene abwera, kaya 7 kaya 20. Makona atatu ankabala penate. Nthawi yoweruka inali pamene mpira waleka kuoneka, kapena pamene mayi wa mwini mpira afuula dzina la mwana wawo.

Mpira wathu unali wa chikulunga. Tinkatola nsanza ndi mapepala a pulasitiki a shuga ndi a buledi, ndi kuzikulunga zolimba, kunja kwake n'kuluka ndi chingwe cha khonje ndi malegeni odula ku chubu chakutha cha njinga. Kuluka chikulunga chinali luso, ndipo mnyamata wolidziwa ankalemekezedwa ngakhale akhale wosadziwa kusewera. M'chilimwe chikulunga chinkanjanja pang'ono. Koma m'chiperoni chinkamwa madzi ndi kumata matope, ndipo ukachimenya ndi phazi lozizira, lokhala ndi zikang'a, ululu wake unkafika m'mutu. Koma palibe amene ankabwerera kunyumba. Matope anatiphunzitsa zimene fumbi silikanatiphunzitsa: kuti mpira wokwawa pansi sufika kumene wautuma, kuti wothamanga mosasamala agwa chagada, ndi kuti wamng'ono wopepuka akhoza kudyetsa njomba chimphona chimene chikuterereka.

Pafupi ndi bwalolo panali nyumba yosungiramo katundu, ndipo mlonda wake anali mkulu wina waimvi amene tonse tinkamutcha agogo. Iwowa anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anafika ku Burma, kumene asilikali a dziko lino anamenya nkhondo m'zaka za 1944 ndi 1945. Mpira anauphunzira ku usilikali komweko. Ankafika msanga dzuwa lisanalowe, atavala chijasi chawo chachitali, nakhala pa chulu kutiyang'ana. Ndipo mkangano ukakula ankatulutsa wezulo wawo wa ulonda ndi kuimba kamodzi. Mawu awo anali amodzimodzi masiku onse: "Ana inu, mpira sasewera ndi pakamwa."

Tsiku limene sindiliiwala linali m'chisanu cha 1978. Anyamata a ku Ndirande anatitumizira mawu kuti adzabwera Lachitatu, ndipo tinapangana kuti mbali iliyonse isonkhe 20 tambala, opambana atenge zonse. Chiperoni chinali chitagwa masiku awiri. Ine poweruka ku sukulu sindinapite kunyumba kukavula yunifolomu, poopa kuti amayi angandipatse ntchito. Ndinangobisa mabuku pansi pa chitsamba ndi kukaima pagolo. Ndalama zonse tinapereka m'manja mwa agogo.

Mdima uli pafupi zigoli zinali 2 kwa 2. Pamenepo mnyamata wina wa ku Ndirande anamenya mpira wokwawa, ine ndinadziponya koma ndinauphonya, ndipo chikulunga chinakaima m'chithaphwi pakati penipeni pa miyala yathu iwiri. Ndinachivuula msanga ndi kuchiponya kutsogolo, ndikufuula kuti sichinalowe. Anzanga onse anandivomereza, a ku Ndirande nakana, ndipo ena anayamba kutola miyala. Agogo anaimba wezulo, natsika pa chulu paja, nadza kudzaona. Chizindikiro cha pamene mpira unakhala chinali chikuonekabe m'matope, ndipo chinali kuseri kwa mzere. Anandiyang'ana nati, "Mdzukulu wanga, pakamwa pako pakana, koma matope avomera." Ndipo ndalama zija anapatsa alendo, ngakhale ife tinali ana awo a tsiku ndi tsiku. Tinawakwiyira sabata yathunthu. Koma kuyambira pamenepo anyamata a ku Ndirande sanaopenso kubwera kwathu, pakuti anadziwa kuti pa bwalo lathu mlandu uweruzidwa molungama.

Kunyumba kunali mlandu wina. Amayi ataona malaya a sukulu, amene anali amodzi okhawo, ali matope kuyambira m'khosi kufikira m'chiuno, anagwira pakamwa nati, "Mwanawe, kodi sopo ameneyu ugula ndiwe? Nanga ndi dzuwa liti limene liumitse zimenezi?" Atate atabwera ndinayembekeza mkwapulo. Koma iwo anafunsa kaye kuti, "Mwachinyidwa zingati?" Nditayankha kuti 3 kwa 2, anaseka, nayamba kusimba za chaka cha 1962, pamene timu ya dziko la Ghana inabwera kuno ndi kuchinya timu ya Nyasaland zigoli 12 kwa 0. Anati anthu anachita manyazi masiku ambiri, koma akuluakulu anati Aghanawo sanabadwe ndi miyendo itatu, anangoyamba kale. Atatha kusimba anagamula kuti ndichape ndekha malayawo ndi kuwaumitsa pa mbaula. Ndinakhala pa mbaulapo kufikira pakati pa usiku, ndipo m'mawa mwake ndinapita ku sukulu ndi malaya achinyezi onunkha utsi. Amayi anati ndalangidwa pang'ono. Atate anati mwana amene sanagwepo m'matope sadziwa kudzuka.

Chaka chomwecho cha 1978 manyazi a atate anachoka. Mpikisano wa chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa unachitikira m'dziko muno, ndipo timu yathu, pansi pa mphunzitsi wa ku England dzina lake Ted Powell, inagonjetsa Zambia 3 kwa 2 pa masewera otsiriza ndi kutenga chikho. Ife tinamvera pa wailesi ya pa golosale, titaunjikana pakhonde ngati nyerere pa fupa. Chaka chotsatira, 1979, anakatenganso chikhocho ku Kenya. Pa bwalo lathu mayina a ubatizo anatha: womwetsa zigoli aliyense anasanduka Kinnah Phiri wa Bata Bullets, wotchinga kumbuyo anali Jack Chamangwana wa Wanderers, ndipo ine wa pagolo ndinadzitcha Boniface Maganga. Bwalo lalikulu la ku Chichiri linali pafupi, mwakuti mfuu ya chigoli inkamveka kwathu; koma ndalama ya pakhomo tinalibe, ndipo tinkadikira kunja kufikira atatsegula zipata chakumapeto kuti anthu atuluke. Kapinga wake ndinamponda kamodzi kokha, pamene ana a sukulu tinkakonzekera zionetsero za pa 6 Julayi, ndipo ndikumbukira kuti ndinawerama ndi kumgwira ndi dzanja.

Zimene zinatsata mwina muzidziwa. Mu 1984 Malawi inapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa, umene unachitikira ku Ivory Coast. Mu 1986 kunayamba Super League. Mu 1987 timu ya dziko inakhala yachitatu pa masewera a All-Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 inatenganso chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa. Mu 2004 timu ya Bullets, ikutchedwa Bakili Bullets, inafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Mu 2010 ku Angola, Kinnah Phiri yemwe uja ali mphunzitsi, Malawi inachinya Algeria 3 kwa 0. Ndipo mu Januwale 2022 ku Cameroon inapyola ndime ya magulu koyamba, nigonja kwa Morocco 2 kwa 1, Gabadinho Mhango atamwetsa chigoli chochokera kutali chimene dziko lonse linachitama. Ndi pang'ono mwa anyamata onsewa amene anayamba ndi nsapato ndi mpira wa m'sitolo. Sukulu yawo yoyamba inali chikulunga ndi kabwalo ngati kathu.

Bwalo la ku Chichiri nalo linasintha. Ndi thandizo la bungwe la FIFA anachotsa kapinga wachilengedwe ndi kuyala wopanga anthu, amene sachita matope ngakhale mvula igwe usiku wonse. Mu 2017 ku Lilongwe kunatsegulidwa bwalo lina lalikulu, Bingu National Stadium. Zonsezi nzabwino, ndipo sindizinyoza. Koma mabwalo otere ali ndi mipanda ndi maloko, ndipo alandira munthu amene wadziwa kale mpira. Mwana wa zaka 8 sayambira pamenepo.

Tsiku lina, nditakula ndi kumera imvi, ndinatsika pa Ginnery Corner ndi mdzukulu wanga, ndipo ndinati ndimuonetse pamene agogo ake anachinyidwa. Tinayenda uku ndi uku osapapeza. Pamene ndinayesa kuti ndi pomwepo panali mpanda wa njerwa wautali, waya waminga pamwamba pake, ndi chipata chachitsulo. Chulu cha agogo aja chinasalazidwa, ndipo kamtsinje kaja kanasanduka ngalande ya zinyalala. Pobwerera tinapeza ana akusewera pa kamsewu kopapatiza pakati pa mipanda iwiri, ndi chikulunga cha majumbo cholukidwa monga momwe tinkalukira ife. Galimoto ikamabwera mmodzi ankafuula, onse nathawira m'mbali, wina atakumbatira mpira. Ikadutsa nabwezera miyala ya zigoli m'malo mwake. Pa kanthawi kamene tinaima, masewera anadukiza kasanu.

Sindiloza munthu chala, pakuti chochititsa chake chioneka poyera m'kalembera wa anthu. Mu 1966 mzinda wa Blantyre unali ndi anthu oposa 109,000 pang'ono. Mu 1977 anali oposa 219,000. Ndipo mu 2018 anapyola 800,000. Dziko lonse linali ndi anthu ngati 4 miliyoni mu 1966, koma mu 2018 linali ndi oposa 17.5 miliyoni. Anthu onsewa afuna pogona, pogwira ntchito ndi pogulitsa malonda, ndipo dothi silikula. Bwalo lathu linatha chifukwa linalibe mwini wolilankhulira. Nyumba ili ndi mwini wake, munda uli ndi mwini wake, manda ali ndi mfumu yowasunga. Koma malo amene ana asewerapo aoneka ngati malo ogona chabe, ndipo oyeza malo akafika ndi chingwe chawo, ana safunsidwa. Ife amene tinakulirapo tinali titabalalika kukafuna ntchito, ndipo panalibe mmodzi wa ife anaganiza zopita kwa akulu a mzinda kukapempha kuti malowo alembedwe. Tinayesa kuti dambo lidzakhala dambo masiku onse. Mlandu umenewo ndiuvomera, monga ndinayenera kuvomera chigoli chija.

Tsono ndi chifukwa chake ndalembera inu a kumudzi. Kwanu bwalo likalipo: la pa sukulu, la pa tchalitchi, kapena la kuseri kwa msika. Koma nanunso muona kuti minda ikuchepa, ndi kuti chaka ndi chaka khasu la woyandikana nalo lidya mzere umodzi wa bwalolo, wina namanga kagolosale pakona, wina naumba njerwa pakati. Sizichitika tsiku limodzi ayi. Ndipo pamene anthu adzidzimuka, apeza kuti chotsala sichikwanira ngakhale ana 10. Madzi akatayika saoleka.

Musayese kuti bwalo la kumudzi ndi chinthu chachabe. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachokera ku boma la Rumphi, ndipo anayamba mpira ali ana kwawo komweko. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku Italy, napitirira ku France. Temwa anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Ndipo timu ya amayi ya dziko lino inatenga chikho cha kumwera kwa Africa mu 2023. M'masiku athu atsikana sitinkawalola pa bwalo lathu. Ankasewera fulaye ndi ntchemberembaye chapatali. Pamenepanso tinalakwa, ndipo sitidziwa luso limene tinalithamangitsa.

Koma ngakhale mudzi wanu usadzatulutse katswiri ndi mmodzi yemwe, bwalo lidzakhala litagwira ntchito yake. Mwa ife tonse a pa kadambo kaja panalibe amene anavala malaya a timu yaikulu. Tinakhala akalipentala, aphunzitsi, oyendetsa magalimoto ndi alonda. Koma pamenepo tinaphunzira kupangana malamulo ndi kuwasunga, kugonja osamenya munthu, kulandira alendo a mtundu wina ndi chilankhulo china, ndi kumvera woweruza ngakhale atigamulire zowawa. Ayao, Alomwe, Angoni, Amang'anja, Asena, Atumbuka ndi Achewa tinali timu imodzi, ndipo funso linali limodzi: kodi udziwa kupatsira mnzako?

Chifukwa chake ndipempha mafumu, akulu a mpingo, a komiti ya sukulu ndi makolo nonse kuti muchite chinthu chimodzi chaka chino chisanathe. Pitani pa bwalo lanu pamodzi ndi eni minda yozungulira, muliyese ndi chingwe onse akuona; bwalo lokwanira la akulu lifuna mamita osachepera 90 m'litali ndi 45 m'lifupi. Dzalani mtengo pa ngodya zake zinayi, kuti malire asasunthe. Lembani muyeso wake m'buku la mfumu ndi m'buku la sukulu kapena la mpingo, ndi kutchula kuti malowa ndi a ana, anyamata ndi atsikana omwe, osagulitsa ndi osabwereketsa. Ndipo papezeke munthu wamkulu mmodzi wokonda ana amene adzakhala pa chulu madzulo, monga ankachitira agogo aja. Ntchito imeneyi siifuna ndalama. Ifuna tsiku limodzi ndi kumvana.

Ndipo inu amayi, mwana akabwera madzulo ali matope thupi lonse, mum'patse sopo achape yekha, pakuti atate anga anaweruza bwino pamenepo. Koma mawa lake mumlole apitenso.